Nchito Ikatha ku Malambo, Foni Ilira ku Komboni

Ndifuna kukamba za nkhawa imene ambiri a ife tigona nayo: nkhawa ya mbale amene sadziwa ngati mwezi wa mawa adzalandira malipiro. Ndidzakamba maka-maka za ku Malambo, m'boma la Mambwe, m'cigwa ca Luangwa, dziko la Akunda la mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Koma a ku Petauke ndi a ku Lundazi amve naonso, pakuti nthenda ndi imodzi.

Tonse tidziwa kumene ndalama ya ku Mfuwe icokera. Icokera kwa alendo oona nyama. Nchito imeneyi inayamba ca m'ma 1950, pamene Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kumanga kampu ya alendo, ndipo m'caka ca 1972 dera lija linakhala South Luangwa National Park. Lero ana a m'cigwa ndiwo aphika m'makampu, ndiwo acapa zobvala, ndiwo ayendetsa magalimoto ndi kuonetsa alendo njobvu ndi nyalugwe. Koma taonani: munthu mmodzi wa pa kampu adyetsa nyumba yace, alipirira ana a mlongo wace ku sukulu, agulira nkhalamba mankhwala. Malipiro amodzi, milomo yambiri.

Tsono kumbukirani caka ca 2020. Nthenda ya Covid-19 inalowa m'Zambia m'mwezi wa March, ndipo mwezi womwewo Boma linaletsa ndege za kunja kutera pa bwalo la Mfuwe. Nyengo ya alendo, imene iyamba mvula ikatha ndi kufika October, inapita makampu ali zii. Ena anatumidwa ku nyumba, ena analandira gawo cabe la malipiro. Amai ogulitsa tomato ndi ndiwo ku makampu anasowa wogula. Osema ndi osoka anakhala nao katundu wao. M'mwezi wa November Boma linalephera kulipira ciongola-dzanja ca madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya kunja, Kwacha inagwa, ndipo m'caka ca 2021 mitengo ya zinthu inali kukwera kuposa 20 pa 100. Kodi foni inalira kwa yani? Inalira kwa inu a ku Kapata ndi Nabvutika mu Chipata, kwa inu a ku Matero ndi Kanyama mu Lusaka, inu amene lendi inali kukudikirani.

Abale, mabvuto otere si a caka cimodzi, ndipo sacokera mbali imodzi. Nthawi zina ayambira ku tauni. Mtengo wa mkuwa utagwa, mgodi wa Bancroft, kumene lero ndi Chililabombwe, unatsekedwa m'caka ca 1958, ndipo ambiri a nchito anabwerera ku midzi. Mkuwa unagwanso mu 1975. Kumapeto kwa 2008 mgodi wa Luanshya unaima. Pa zaka zimenezo mudzi ndiwo unalandira ana ace ocokera ku migodi. M'caka ca 2024 mabvuto anagwira mbali zonse ziwiri: cilala cinaoca cimanga m'minda, ndipo pa 29 February Boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi a Kariba anacepa, magetsi anali kuzima, ndipo wometa tsitsi ndi wooca zitsulo m'komboni anangokhala manja lende. Motero lero ndiwe wotumiza, mawa ndiwe wopempha. Akulu anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Nkhawa yokha sigula unga. Tsono ticite ciani? Ndiri ndi mau anai.

Coyamba, nenani zoona kwa abale anu. Ambiri a ife ticita manyazi kunena kuti zinthu zabvuta, ndipo tiyankha kuti "ndidzatumiza pa mapeto a mwezi," cikhalirenico tidziwa kuti m'thumba mulibe. Amai ku mudzi akongola mcere ndi sopo pa sitolo pokhulupirira mau amenewo. Ndi bwino kuchula ndalama yaing'ono imene idzafikadi, kusiyana ndi kulonjeza yaikulu imene idzathera pa kamwa. Ndipo ngati muli abale anai m'tauni, khalani pansi mugawane: uyu za sukulu, uyu za mbeu, uyu za cipatala. Mutu umodzi susenza denga.

Caciwiri, munda wa kwanu usafe. Ndalama yotumiza isathere pa kudya kokha. Ina ifike mvula isanagwe, igule mbeu ndi kulipira aganyu opalira. M'cigwa motentha muja mapira apirira dzuwa kuposa cimanga, mpunga ucita bwino m'madambo, ndipo thonje ndi nsawawa zibweretsa ndalama. Tidziwa kuti njobvu zilowa m'minda, ndipo kulondera usiku ndi nchito yowawa. Koma tsiku limene kampu idzatsekedwa, kapena inu mudzalandira kalata yakucotsani nchito, nkhokwe imeneyo ndiyo idzakulandirani.

Cacitatu, dziwani lamulo, ndi kuuza abale anu. Lamulo la nchito la 2019, Employment Code Act, linena kuti munthu wocotsedwa cifukwa nchito yacepa alandire malipiro osacepera miyezi iwiri pa caka ciri conse cimene anagwira. Mbale wanu asasaine pepala limene sanamve. Asunge mapepala a malipiro, afunse ngati ndalama zace za NAPSA ziri kufika, ndipo pakakhala cinyengo apite kwa Labour Officer kapena ku bungwe la a nchito. Wa nchito ya nyengo afunse kalata yolembedwa asanayambe.

Cacinai, pewani njira ziwiri zimene zioneka zapafupi. Ina ndi kaloba. Wokongola kaloba kuti athandize mbale apulumutsa nyumba imodzi mwezi uno ndi kugwetsa nyumba ziwiri mwezi wa mawa. Lowani cilimba kapena gulu la kusunga ndalama pamodzi ndi anthu amene muwadziwa, ndipo yambani nchito ikali m'manja. Njira ina ndi msampha wa waya. Mnyamata wocotsedwa pa kampu adziwa pamene nyama zimwera madzi, ndipo njala imnong'oneza. Muuzeni kuti waya utsogolera ku ndende, ndiponso kuti nyama imene aipha lero ndiyo nchito yace ya caka ca mawa. Alendo anabweranso ku Mfuwe nthenda itacepa, ndipo anabwera cifukwa nyama zinalipo.

Abale anga, mtengo wa mkuwa suikidwa ndi ife; uikidwa ku London. Ndege za alendo sitiitana ndife. Mvula si yathu kuilamula. Koma mau amene tinena kwa amai athu ndi athu, munda ndi wathu, ndipo kugwirizana kwa pa cibale kuli m'manja mwathu. Mukafika ku nyumba usiku uno, musadikire foni ilire. Imbani ndinu, mufunse kuti m'nkhokwe mwatsala ciani, ndi kuti mbeu ya caka cino idzagulidwa ndi yani.