Asilikali a Thupi Akaukira Chithokomiro



Ikani zala pakhosi, m'munsi mwa kholingo. Pamenepo pali kachiwalo kooneka ngati gulugufe kotchedwa chithokomiro. Kameneka kamatulutsa timadzi tolamulira kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi kukula kwa mwana.

Kawirikawiri khosi limatupa chifukwa chosowa ayodini m'zakudya. N'chifukwa chake mchere wogulitsidwa m'Zambia muno umathiridwa ayodini. Komatu alipo ena amene amadya mchere wotere, khosi n'kutupabe. Chimachitika n'chiyani?

M'magazi mwathu muli asilikali otchedwa ma antibody, amene amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Nthawi zina asilikaliwa amasokera, nayamba kuukira chithokomiro cha mwini thupi. Dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anafotokoza nthendayi mu 1912. Mu 1956, ku London, Deborah Doniach ndi Ivan Roitt anapeza asilikali osokerawo m'magazi a odwala. Nthendayi imagwira akazi kwambiri kuposa amuna, ndipo imayenda m'mabanja.

Inu ana a m'Kabwe, kupima magazi si nkhani yachilendo. Ambiri a inu munapimidwapo pofufuza mtovu umene unatsala m'dothi mgodi utatsekedwa mu 1994. Kupima chithokomiro kumayambanso chimodzimodzi: namwino amatenga magazi pang'ono pamkono. Koma chofunidwa n'china. Poyamba amayeza TSH, timadzi tosonyeza ngati chithokomiro chikugwira ntchito mokwanira. Kenaka amafufuza asilikali otchedwa anti-TPO. Kupezeka kwa asilikaliwa pakokha sikutanthauza kuti munthu ayambe mankhwala. Dokotala amaona zotsatira zonse pamodzi ndi mmene wodwala akumvera.

Chithokomiro chikafooka, mwana amatopa msanga, amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, amawodzera m'kalasi, ndipo satalika ngati anzake. Mankhwala ake alipo: kambulu kamodzi ka levothyroxine m'mawa uliwonse.

Aphunzitsi, mwana wotere musafulumire kumutcha waulesi. Itanani makolo ake, muwalangize kupita naye kukiliniki, kumene angamtumize ku Kabwe Central Hospital. Inunso ana, musaseke mnzanu wotupa khosi. Si ufiti, ndiponso sangakupatsireni.

Wailesi ikatsekedwa, jambulani khosi m'makope mwanu, musonyeze pamene pali chithokomiro, ndipo mulembe zizindikiro zitatu zimene mwamva.

Tsalani bwino.