Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Chikondwerero cha Zisudzo za M'madera



 Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo ena muli ndi mtunda woti muyende, choncho ndingolunjika pa nkhani imene yandibweretsa. Wailesi ili ndi ntchito ziwiri pa sewero. Yoyamba ndi kuitana anthu sewero lisanachitike. Yachiwiri ndi kunena zoona za seweroli anthu akaonera. Yoyambayo timaigwira mwa apo ndi apo. Yachiwiriyo timachita nayo mantha.

Ubale wa zisudzo ndi wailesi unayamba kalekale. Ife amvulazakale tinakula ndi wailesi imodzi yokha, MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964. Madzulo banja lonse, kuphatikizapo anansi amene analibe wailesi, tinkaunjikana pakhonde kumvera Kapalepale wa a Smart Likhaya Mbewe, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, uku tikupemphera kuti mabatire amene tawayanika padzuwa atifikitse kumapeto. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi a gulu la Kwathu, anthu ambiri akumudzi anawadziwa ndi khutu asanawaone ndi maso. Kenaka kunabwera Zimachitika wa a Story Workshop mu 1997, ndiponso Tikuferanji, momwe a Michael Usi anatchukira ndi dzina loti Manganya. Mukudziwa nonse kuti munthu yemweyo anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino mu 2024. Amene amati zisudzo ndi masanje a ana aganizepo bwino pamenepo.

Koma m'masiku a wailesi imodzi aja khomo linali lopapatiza. Situdiyo zinali mumzinda, ndipo lamulo la 1968 loona za zosangalatsa linkafuna kuti sewero liyambe lavomerezedwa ndi akuluakulu a boma lisanaonetsedwe pagulu. Gulu la kumudzi ngati ena mwa inu silikanalota n'komwe zomveka pa wailesi. Zinthu zinatembenuka. Chitsegulireni wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay mu 1998, mawailesi a m'madera afalikira: ku Nkhotakota, ku Mzimba, Mudzi Wathu ku Mchinji, Bembeke ku Dedza, Nyanthepa ku Nsanje. Lero wolemba sewero amatha kupalasa njinga m'mawa, n'kukalowa mu situdiyo, n'kubwerako nsima ya masana isanazizire. Mwayi ulipo. Funso n'lakuti tikuugwiritsa ntchito motani.

Ndiyambe ndi kuitana anthu. Kawirikawiri chimene timamva pa wailesi n'chakuti, "Bwerani nonse, kudzakhala zinthu, musadzachite kumva!" Womvera watsala ndi mafunso: kuti? Tsiku liti? Nthawi yanji? Pakhomo ndi zingati? Ana aloledwa? Mayi amene akumvera uku akutsuka mbale sangathe kulemba, ndiye malo, tsiku, nthawi ndi mtengo muzitchule pachiyambi, muzibwerezenso pamapeto, mosathamanga. Chilengezo chiyambe kumveka kudakali sabata yathunthu, ndipo chisaphonye m'mawa wa tsiku la msika, pamene anthu akupangana zochita. Inunso a magulu, mukanena kuti sewero liyamba 2 koloko, liyambedi 2 koloko. Mukazolowera kuyamba mochedwa, mukuisandutsa wailesi kukhala yabodza, ndipo ulendo wina anthu sadzaikhulupirira.

Chokopa anthu kwambiri ndi kuwalawitsa seweroli. Atengeni osewera awiri, alowe mu situdiyo, achite kachigawo ka mphindi ziwiri, n'kudukiza pamene nkhani yafika pokoma. Koma musankhe bwino kachigawoko. Lero taseka mpaka misozi chifukwa cha kayendedwe ndi nkhope za ena mwa inu. Zimenezo wailesi siziona. Wosewera akangokwinya nkhope osayankhula, womvera amayesa kuti mabatire atha. Pa wailesi chitseko chiyenera kulira, mapazi amveke, dzina la amene walowa litchulidwe. Komanso musamangoimika foni patebulo n'kujambula sewero la pabwalo, mphepo ikuwomba, n'kuliulutsa momwemo. Chimene chimamveka ndi phokoso ndi kuseka kwa anthu, omvera osadziwa chikuseketsacho.

Tsopano ndifike pa ntchito imene timaiopa ija. Sewero likatha, mawa lake timamva kuti, "Anyamata aja anaswa, kunali moto!" Gulu lililonse linaswa, sabata iliyonse kunali moto. Tsono ngati onse akuswa, amene anagona usiku akuloweza mawu tiwasiyanitsa bwanji ndi amene anangodzuka n'kukwera pabwalo? Kuyamikira chilichonse kumafooketsa olimbikira, n'kunenepetsa aulesi.

Mu 1981 gulu la zisudzo la ku Chancellor College, m'nthawi ya a Chris Kamlongera, linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukachita masewero pamodzi ndi anthu a kumeneko. Phunziro limene linakula kuchokera ku ntchito ngati imeneyo n'lakuti munthu wa kumudzi saonera sewero ali chete. Amayankha, amatsutsa, amalowerera, ndipo sewero limafika pachimake anthu akayamba kukambirana. Kukambirana kumeneko ndiko wailesi iyenera kupitiriza. Izi ndi zimene ndikutanthauza ndikati kuunika sewero.

Muulutsi amene akufuna kuunika sewero ayambe wapita kukalionera, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Asafunse mnzake pafoni kuti zinayenda bwanji. Akafika asathamangire mpando wa kutsogolo, pafupi ndi alendo olemekezeka ngati ine. Akakhale kumbuyo kwenikweni, kumene amayi obereka ana amaima, amve ngati mawu akufikako. Aone ngati osewera akufulatira anthu poyankhula. Aone pamene anthu ayamba kutuluka kukagula zitumbuwa, chifukwa pamenepo ndi pamene nkhani yazizira. Akabwerera ku situdiyo ayankhe mafunso atatu: gululi linafuna kutiuza chiyani? Linakwanitsa? Nanga nkhaniyo inali yoyenera kuti anthu asiye ntchito zawo n'kubwera?

Ndipereke chitsanzo chimene tonse tachionapo. Sewero lokamba za maukwati a ana layamba bwino. Mtsikana akufuna sukulu, malume ake alandira kale ndalama, mayi ake agwira njakata. Mitima yathu ili m'mwamba. Mwadzidzidzi kwatulukira mlangizi wovala tayi, wanyamula chikwama, n'kuyamba kulalikira osapuma, ndipo malume aja alapa pompo. Ndani wa inu anaonapo malume osintha mtima mofulumira chotero? Muulutsi anene poyera kuti nkhaniyi inatha msanga chifukwa olemba anafuna kusangalatsa bungwe limene linapereka ndalama. Anenenso ngati gulu likuseketsa anthu ponyoza munthu wolumala, munthu wachialubino kapena mayi amene akumenyedwa. Kuseka kwa anthu sikuyeretsa chilichonse.

Kunena zoona kuli ndi mwambo wake. Dzudzulani ntchito, musanyoze munthu. Mukati wosewera ankameza mawu, mwamuthandiza. Mukati alibe nzeru, mwatukwana, ndipo m'dera ngati lino mwatukwana mtundu wake wonse. Ana a sukulu muziwawongola mofatsa, osawatchula maina pa zolakwa. Mathero a sewero musaulule ngati gululi likukaonetsanso kwina. Mukatha, mupatseni wotsogolera gulu mpata woyankha, mutsegulenso mafoni kuti amene anaonera anenepo zawo. Makalabu omvera wailesi amene alipo kale m'midzi akhoza kugwira ntchito yaikulu pamenepa.

Chinthu china ndichinene mosapsatira. Chilengezo cholipira ndi malonda, ndipo wailesi ili ndi ufulu wolandira ndalama yake, pakuti magetsi ndi mafuta a jenereta sizibwera ulere. Koma kuunika sewero sikugulitsidwa. Muulutsi akalandira kangachepe kuti atamande gulu, omvera amazindikira msanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo mawu ake apepuka.

Kwa inu a zisudzo, akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Musamathamangire kwa mkulu wa wailesi kukamuneneza muulutsi chifukwa wanena kuti sewero lanu linatalika. Malemu Du Chisiza Junior, amene anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, anationetsa kuti zisudzo ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo. Koma mukayamba kulandira ndalama pakhomo, amene walipirayo ali ndi ufulu wonena ngati wakhuta kapena ayi. Masewero anu muziwalemba papepala, muziwasunga, ndipo mukafunse ku bungwe la COSOMA za umwini wa ntchito zanu. Wailesi ikafuna kujambula sewero lanu, mugwirizane poyera kuti liulutsidwa kangati ndipo dzina la wolemba litchulidwa.

Gogo Chalo ndi bwanamkubwa wa boma lathu, kwa inu ndipempha ziwiri. Maholo a sukulu ndi mabwalo a m'midzi azipezeka kwa achinyamatawa pa mtengo woti angathe. Ndipo tsiku lina sewero likadzatikhudza ife atsogoleri, tidzaseke nawo, tikaganizire kunyumba. Amalonda a pamsika, dzina la golosale yanu likhoza kumveka sabata iliyonse mutathandiza pulogalamu ya zisudzo ndi kangachepe kovomerezeka, kolembedwa risiti.

Pempho langa lomaliza lipite kwa akuluakulu a wailesi ya m'dera lino. Patulani mphindi 30 pa sabata, tsiku lokhazikika ndi nthawi yosasinthasintha: gawo loyamba kulengeza masewero amene akubwera, gawo lachiwiri kuunika amene achitika. Pa 27 Malichi dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la zisudzo. Ndikupempha kuti likamadzafika tsiku limenelo pulogalamuyi idzakhale itayamba kale, ndipo magulu amene taonera lerowa akhale oyamba kuunikidwa.

Ndikuyamikira magulu onse, opambana ndi osapambana, oweruza athu, ndi onse amene anakonza mwambowu. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chikondwerero chathu cha zisudzo chatsekedwa. Muyende bwino, Mulungu akudalitseni.