Kulanga Ana Aang'ono ku Mkombaphala Popanda Ndodo

Inu mafumu, anyakwawa ndi alimi a ku Bembeke, m'dziko la Mfumu Kamenyagwaza. Lero tikambe za ana a zaka 3 kufikira 5 amene mumawasiya kwa alezi ku mkombaphala pamene inu mulikupita kukapalira kachewere.

Ana akasonkhana salephera kuyambana. Wina walanda mnzake mpira, wina wakankha mnzake pamzere wa phala. Pamenepo alezi ena amathyola kamtengo, ndipo alipo makolo amene amachita kuwauza kuti, "Akavuta mkwapuleni." Ichi sichabwino iai. Mwana wokwapulidwa amangoti zii chifukwa cha mantha, koma mlezi akapotoloka iye amakamenya wina womuchepera, pakuti waona kuti wamphamvu ndiye amamenya. Ndiponso Gawo 23 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, linena kuti ana atetezedwe ku chilango chimene chingawononge thanzi lawo kapena kakulidwe kawo.

Inu mafumu, kodi pabwalo mumayamba ndi ndodo? Mumakhazika pansi anthu awiriwo, wodandaula nanena zake, mnzake nayankha, tsono wolakwa nabweza. Mlezi achite chomwecho. Awalekanitse, agwade kuti alingane nawo msinkhu, ndipo ayambe wadikira kulira kuthe, pakuti mwana wolira samva kanthu. Pamenepo afunse aliyense. Wolanda abweze mpira. Wotaya phala la mnzake atenge kansanza napukute. Mawu akhale ochepa: "Kuno sitimenyana. Ukaufuna mpira, pempha." Kumumana phala, kapena kumutsekera yekha m'nyumba, zimenezo asayese konse. Mawa mwanayo akapempha bwino, mlezi amuyamike pamaso pa anzake.

Koma ndeu zambiri gwero lake ndi njala ndi kuzizira. Mphepo ya kuno ya mu Juni ndi Julaye muidziwa. Mwana wobwera osadya, wokhala padothi popanda mphasa, sachedwa kupsa mtima. Apa ndiye pali mbali yanu, pakuti alezi ambiri agwira ntchitoyi mongodzipereka. Nthawi yokolola anyakwawa aitane komiti ya mkombaphala pamodzi ndi makolo, banja lililonse lipereke chimanga, soya kapena nkhuni. Abambo aluke mphasa ndi kumanga mipira yokwanira, ana khumi asamalimbirane umodzi. Ndipo amayi ophika azilawira, phala lizipsa dzuwa lisanakwere.