Makina Akalemba, Ndani Adzaŵerenga?



Ndaimirira pamaso panu kuti tikambirane za makina amene akuwatcha AI. Chiyambire mwezi wa November 2022, pamene kampani ya OpenAI ya ku America inatulutsa ChatGPT, makina ameneŵa akhala akulemba makalata, kumasulira ziyankhulo ndiponso kufupikitsa malipoti aatali, nchito zimene kuyambira kale zinali za makalaliki, alembi ndi ena ophunzira. Ambiri a inu mukufunsa ngati mipando yanu idzakhalapobe. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo silifunika kuliyankha mwachibwana.

Tamvani zimene zinachitika ku New York m'chaka cha 2023. Maloya aŵiri anapereka ku khoti chikalata chotchula milandu isanu ndi umodzi yakale, ati yochirikiza mbali yawo. Ataifufuza, kunapezeka kuti milanduyo siinachitikepo: ChatGPT inaipeka yonse, ndipo inailemba mwaluso kotero kuti ngakhale eni ake sanakayike. Woweruza analamula kuti maloyawo pamodzi ndi kampani yawo alipire madola 5,000. Makinawo sanaitanidwe kudzayankha mlandu, pakuti amene anasayina chikalatacho ndi munthu.

Apa ndi pamene nchito yanu yasinthira. Dzulo kalaliki anali kuyamikiridwa chifukwa cholemba msanga ndi mwaukhondo; lero akufunidwa kuti aŵerenge zimene makina alemba, aone pamene anama, ndi kukana kusayina. Imeneyi ndi nchito yolemera kuposa yoyamba ija, ngakhale kuti olemba anzawo nchito ena amaiyesa yopepuka. Kampani ya Klarna ya ku Sweden inalengeza mu 2024 kuti makina ake akugwira nchito ya anthu 700 oyankha makasitomala. Mu 2025 mkulu wake anavomera kuti chithandizo chinatsika, nayambanso kufuna anthu.

Koma chimene chikundidetsa nkhaŵa, mabwana ndi madona, ndi ana athu amene akuyamba kumene nchito. Inu nonse amene muli ndi imvi munaphunzira bwanji kuzindikira cholakwa? Munayamba ndi kukopera makalata, kuwonkhetsa ziŵerengero, kusanja mafayilo, ndipo abwana anu anali kukubwezerani pepala lodzaza ndi inki yofiira. Nchito zotopetsa zimenezi ndizo zimene makina ayamba kulanda. Tsono ngati mnyamata kapena mtsikana wochokera ku sukulu sadzalembapo kalata ndi dzanja lake, adzadziŵa bwanji kuti kalata ya makina yapotoka? Akuluakulu akadzapuma pa nchito, woŵerenga uja adzachokera kuti?

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu koposa, popeza makinaŵa anaphunzira kwambiri Chingerezi. Chichewa chinaloŵa mu Google Translate mu 2014, komabe aliyense amene anayesapo kumasulitsa mwambi akudziŵa kuti zotuluka zake zimafuna munthu wodziŵa chiyankhulo kuti aziwongole. Ikakhala kalata ya malo kapena malangizo a mankhwala, liwu limodzi lolakwika lingathe kuvulaza banja.

Choncho pempho langa likupita kwa inu akulu a maofesi. Musatseke mipando ya ongoyamba kumene poganiza kuti mwapulumutsa ndalama. Mwana akafika, ayambe walemba yekha lipoti lake, kenaka alifanizire ndi la makina, ndipo inu mukhale naye pansi kumuonetsa pamene iye waphonya ndi pamene makinawo aphonya. Ikani nthaŵi ya zimenezi pa ndondomeko ya nchito ya mlungu uliwonse.