Kugula Pokhala M'mafakitale Akale a ku New York

Mafakitale atachoka m'dera la SoHo ku New York, nyumba zake zambiri zinatsala zopanda ntchito. M'zaka za m'ma 1960, amisiri ojambula zithunzi anayamba kugonamo mozemba lamulo, pokopeka ndi zipinda zazikulu, mazenera aatali ndi lendi yotsika. Mu 1971 akuluakulu a mzindawo anawaloleza kukhalamo. Posakhalitsa anthu achuma anasirira malowo, mitengo inakwera, ndipo amisiri ambiri anasamuka.

Wogula chipinda chotere, chimene chimatchedwa loft, ayenera kuzindikira kuti denga, makoma akunja ndi chikepe n'za eni zipinda onse pamodzi. Iwo amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo denga lakalelo likayamba kudontha, aliyense amalipira gawo lake, ngakhale wokhala pansi penipeni amene dontho silimufika.