QURBAAN: NYAMA TAIONA, NANGA KUYANDIKIRA KWA ALLAH?

Mawu amene adalankhulidwa pa bwalo la Eid-ul-Adh'ha Swala itatha. Komiti ya mzikiti yawalemba pano kuti afike m'makomo onse.



Tikumthokoza Allah amene watifikitsa pa tsiku lino tili ndi moyo, ndipo tikupempha kuti madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse. Olemekezeka Masheikh athu, mafumu, akuluakulu a mzikiti, amayi ndi abambo, anyamata ndi asungwana, abale ndi alongo m'Chisilamu, Eid Mubarak kwa nonsenu.

Sitikusungani nthawi yaitali ayi. Tikudziwa kuti mipeni yanoledwa kale ndipo mbuzi zikulira pa zingwe kunyumbaku. Koma tisanabalalike, tiyeni tiyambe tafunsana za liwu limodzi limene lakhala pakamwa pathu sabata yonseyi, liwu lakuti Qurbaan. Mwana akatifunsa kuti Qurbaan n'chiyani, ambiri a ife timayankha msanga kuti ndi nyama ya pa Eid. Komatu m'Chiarabu liwu limeneli lidachokera pa tsinde limodzi ndi liwu lakuti qariib, kutanthauza chinthu chimene chili pafupi. Ngakhale achibale, Aarabu amawatchula kuti aqaarib, ndiye kuti anthu apafupi. Tsono Qurbaan ndi chinthu chimene kapolo wapereka pofuna kusendera pafupi ndi Mbuye wake. M'dzina limeneli mulibe mbuzi, mulibe ng'ombe, muli kuyandikira basi.

Tonsefe tikuwadziwa malonda achinyengo. Thumba lalembedwa kuti mpunga wa Kilombero, koma mphika ukawira fungo lake osamveka. Thumba lina lalembedwa kuti feteleza, lasokedwa bwinobwino, kulemera kwake n'kokwanira, pamene mkatimo theka ndi mchenga. Mlimi amanyamula pa njinga akusangalala, amathira m'munda akusangalala, ndipo amadzazindikira mwezi wa February chimanga chitachita chikasu, nthawi yothiranso itapita. Anthu achinyengowa sakopera zinthu zachabechabe, amakopera zokhazo zimene zili ndi mtengo. Nanga kuyandikira kwa Allah, chimene chili chamtengo kuposa zonse, Satana angalephere kutikonzera chofanizira chake? Ndipo kuopsa kwake n'kwakuti mlimi uja amalira nyengo imodzi n'kudzayesanso chaka chamawa, pamene mwini ibada yachinyengo akazindikira pa tsiku la Qiyama.

Nkhani imeneyi siidayambe lero. Mu Surat Al-Maida, ndime ya 27, Allah akutiuza za ana awiri a Adam amene adapereka nsembe, ndipo liwu limene lili pamenepo ndi lomweli, Qurbaan. Ma Ulama a tafsir amawatchula kuti Habil ndi Qabil, ndipo amalongosola kuti Habil adali woweta ziweto ndipo adasankha nkhosa yonenepa kuposa zonse, pamene Qabil adali mlimi ndipo adatola zotsalira za m'munda mwake. Onse awiri adabwera ndi kanthu m'manja. Munthu woonera patali akadati onse achita ibada imodzi. Koma ya mmodzi idalandiridwa, ya winayo idakanidwa, ndipo Habil adamuuza mbale wake kuti kulandira kwa Allah kumatsata mantha a Mulungu amene ali mumtima wa woperekayo. Tsono taonani zimene adachita Qabil. Kodi adabwerera ku nkhokwe kukasankha zabwino? Ayi, adapha mbale wake. Mtima umene wakhutira ndi chofanizira sukondwa kuona chenicheni m'manja mwa wina. N'chifukwa chake nthawi zina mnyamata akayamba kulimbikira Swala, oyamba kumuseka ndi ife amene tidabadwira m'Chisilamu.

Za nyama yomwe tikukazingayi, Surat Al-Hajj, ndime ya 37, yanena poyera kuti mnofu wake ndi magazi ake sizifika kwa Allah, chimene chimafika ndi taqwa ya mwini nsembeyo. Pali nkhani ina ya ku Madina imene Imam Bukhari adailemba. Swahaba wina dzina lake Abu Burda bin Niyar adazinga mbuzi yake m'mawa Swala ya Eid isanapempheredwe, ndipo cholinga chake chidali chabwino ndithu, adafuna kuti banja lake ndi anansi ake adye msanga. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adamuuza kuti imeneyo yangokhala ndiwo za pakhomo, nsembe palibe, ndipo adayenera kuzinga ina. Mbuzi yomweyo, mpeni womwewo, tsiku lomwelo. Ngati kufulumira pang'ono kudasandutsa nsembe kukhala ndiwo, nanga niya ikapotoka zimatha bwanji?

Tiyeni tibwere kwathu kuno tsopano, ndipo mutikhululukire ngati mawu ena alasa. Alipo amene amakatenga katapila kuti agule ng'ombe, chifukwa choti mnzawo wa pa golosale chaka chatha adazinga ng'ombe. Riba ndi haramu, ndiye munthu alowe pa khomo la haramu kuti akayandikire kwa Allah, zoona? Sharia idatipeputsira kale: ng'ombe imodzi anthu asanu ndi awiri angathe kusonkherana, ndipo amene alibe sadakakamizidwe. Alipo ena amene amalowa m'khola n'kusankha mbuzi ija imatsimphina, kapena ija yadwala kuyambira dzinja, poganiza kuti ifa kale imeneyi, bola ipite ku Eid. Mtumiki adatchula zilema zinayi zimene sizilandiridwa: ya diso limodzi loonekeratu kuti lidafa, yodwala moonekera, yotsimphina moonekera, ndi yowonda yotheratu mafuta. Zotsalira za Qabil zija ndi zimenezi.

Nanga kagawidwe? Mwambo wabwino umene Masheikh amatiphunzitsa ndi wakuti gawo lina lidyedwe pakhomo, lina lipite kwa achibale ndi anansi, lina kwa osauka. Koma kawirikawiri mwendo wonse umakwera njinga kupita kwa bwana wa kuntchito, kapena kwa munthu amene tikudziwa kuti mawa adzatibwezera. Nthiti zimalowa m'firiji. Mayi wamasiye wa kuseri kwa nyumba yathu amalandira matumbo ndi mang'ina, mwana wotumidwayo n'kuuzidwanso kuti akanene bwinobwino kumene zachokera. Wosenda naye timamulipira ndi chikopa kapena mutu, pamene Mtumiki adalamula Ali bin Abi Talib kuti malipiro a wosenda asachokere pa nyama ya nsembe. Masiku ano kwabweranso mafoni. Ng'ombe isanagwe n'komwe, chithunzi chake chafika kale kwa abale a ku Johannesburg. Sitikunena kuti kujambula kumaononga nsembe, zimenezo tisiyire odziwa. Tikungofunsa kuti foni ikadakhala kuti yathima, ng'ombe ija ikadagulidwa?

Funso limeneli lisatipepukire. Mu Sahih Muslim muli Hadith ya Abu Huraira yonena za anthu atatu amene adzayambe kuweruzidwa pa tsiku la Qiyama. Si akuba, si zidakwa. Wina adafera pa nkhondo, wina adaphunzira ndi kuphunzitsa ndi kuwerenga Qur'an, wina adali mwini chuma wopereka kwambiri. Aliyense adzanena kuti adachitira Allah, ndipo aliyense adzauzidwa kuti wanama: adafuna kuti anthu amutche ngwazi, amutche wophunzira, amutche wopatsa, ndipo anthu adamutchadi, malipiro ake adathera pomwepo. Imam Tirmidhi adalemba kuti Abu Huraira pofuna kuinena Hadith imeneyi adakomoka kangapo asanaimalize. Akuluakulu athu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ife timauona mkuyu, Allah amaona nyerere.

Koma n'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake amakhutira ndi chofanizira? Kawirikawiri si kuipa mtima ayi, koma kutopa ndi kudikira. Kumbukirani ana a Israil. Adaona ndi maso awo nyanja ikugawika. Mneneri Musa adapita kukalankhulana ndi Mbuye wake masiku 30, Allah adaonjezera ena 10 kukwana 40, ndipo anthu adaona kuchedwa. Apo ndi pamene Samiri adasungunula zodzikongoletsera zawo n'kuumba thole la ng'ombe limene linkatulutsa mawu ngati ng'ombe yeniyeni. Nkhaniyi ili mu Surat Taha ndi Surat Al-A'raf. Chimene tiyenera kuchigwira n'chakuti anthu aja sadanene kuti chipembedzo tachisiya. Iwo ankaona ngati akupembedzabe, kungoti apeza mulungu wapafupi, wooneka, wokhudzika ndi manja, wosachedwa. Ndipo Qur'an ikudabwa nawo kuti bwanji sadaone kuti tholelo silinkawayankha kanthu, silikadawathandiza kapena kuwapweteka.

Ifenso mathole athu tili nawo, kungoti ndi ang'onoang'ono, amakwana m'thumba. Mwana wadwala miyezi itatu. Banja latha zaka zisanu popanda mphatso. Mnyamata ali ndi satifiketi koma ntchito kulibe. Dua tapempha, yankho silikuoneka. Zikatere amabwera wina n'kutinong'oneza kuti kuli munthu uko amamanga chithumwa, ukangovala m'chiuno basi zatheka. Sitikuwaseka anthu otere, ululu wawo ndi weniweni ndipo ambiri tidaulawako. Koma tinene chilungamo: ngakhale Aquraish opembedza mafano ankadziwiringula kuti mafanowo ndi makwerero chabe owayandikitsa kwa Allah, monga Surat Az-Zumar ikufotokozera pa ndime ya 3, ndipo chiwiringulo chimenecho chidakanidwa. Wodwala apite kuchipatala, pakuti Mtumiki adatilamula kufuna mankhwala. Awerengeredwe Qur'an, apempheredwe dua. Koma mtima wake usamangiriridwe pa kachikopa kosokedwa. Ma Ulama adaona chinthu chokoma mu Surat Al-Baqara. M'malo ambiri m'mene anthu adafunsa funso, za mwezi, za chopereka, za ana amasiye, Allah amalamula Mtumiki kuti awayankhe. Koma pa ndime ya 186, pamene funso lili lokhudza Iye mwini, lamulo lija palibe, Allah akuyankha yekha kuti ali pafupi ndipo amamumva wopempha. Ngakhale m'kayankhidwe komwe sadaike mkhalapakati.

Pano tichenjezane pang'ono, kuopa kuti wina achoke pano ndi nkhwangwa. Sitikuti tivule makanzu ndi makofia, kapena tizizinga mobisa usiku. Kuvala bwino pa Eid ndi Sunnah, kuonetsa zizindikiro za Chisilamu ndi chinthu chabwino, ndipo kusiya ntchito yabwino poopa kuti anthu aona ndi msampha winanso wa Satana. Komanso muyeso umenewu ndi woyezera mtima wako, osati wa mnzako. Usama bin Zaid, amene Mtumiki ankamukonda kwambiri, adadzudzulidwa koopsa chifukwa choweruza kuti Shahada ya munthu wina idali yachiphamaso, ndipo adafunsidwa ngati adang'amba chifuwa cha munthuyo n'kuonamo. Tsono pasapezeke wina madzulo ano akuloza ng'ombe ya mnzake kuti ija ndi ya riyaa.

Chenicheni chimaoneka bwanji? Tsiku lino likutikumbutsa Mneneri Ibrahim. Adapempha mwana kwa nthawi yaitali, adampeza atakalamba, ndipo mwanayo Ismail atafika msinkhu woyenda naye ku ntchito, maloto adabwera akuti amuzinge. Surat As-Saffat ikutiuza kuti adakambirana ndi mwana wake, onse awiri adagonjera, adamugoneka pansi, ndipo apo m'pamene adaitanidwa ndi kupatsidwa nyama yowombolera. Muone ndondomeko yake bwino: kugonjera kudayamba, nkhosa idabwera pambuyo. Ife tatola nkhosa. Aliyense wa ife ali ndi chake chimene amachikonda, chimene Allah akumuuza kuti achisiye: sikelo yobera pa msika, malire a munda amene tidasuntha, chibwenzi chamseri, chuma cha ana amasiye a malemu achimwene, mkwiyo umene watha zaka khumi tisakulankhulana ndi mlongo wathu wa bere limodzi. Kugula mbuzi n'kosavuta poyerekeza ndi kugoneka pansi chimodzi mwa zimenezi.

Ndipo inu amayi ndi abambo amene chaka chino mulibe ngakhale nkhuku, musachoke pano mitu ili pansi. Zidalembedwa kuti Mtumiki adazinga nkhosa m'malo mwake ndi m'malo mwa anthu a Ummah wake amene sadathe kuzinga. Adatiphunzitsanso kuti nthawi imene kapolo amakhala pafupi kwambiri ndi Mbuye wake ndi pamene wagwetsa mphumi pansi pa sijida, ndipo sijida siigulidwa pa msika. Mu Hadith Qudsi imene ili m'buku la Imam Bukhari, Allah akutidziwitsa kuti palibe njira yoyandikirira kwa Iye imene amaikonda kuposa zimene adatilamula, za faradhi, kenako zoonjezera zimabwera pamwamba pake. Lero bwalo lino ladzaza mpaka ena aswalira ku msewu, Alhamdulillah. Mawa m'bandakucha muadhini adzaitana Swala ya Subuhi, imene ili faradhi, yopanda kanzu yatsopano, yopanda nyama, yopanda wojambula. Amene amatsegula mzikiti angatiuze kuti safu yoyamba imakwana anthu angati.

Za masiku akubwerawa: Takbir ipitirire pambuyo pa Swala iliyonse mpaka Asr ya pa 13 Dhul Hijja, ndipo lero si tsiku lofunga, ngakhalenso masiku atatu otsatirawa ndi masiku a kudya, kumwa ndi kumtchula Allah. Amene mukuzinga, nolani mpeni kutali ndi maso a chiweto, ndipo musazinge china chinzake chikuona. Nyama imene yabwera kudzera ku komiti igawidwa poyambira okalamba, odwala ndi amasiye. Tikupempha kuti pasakhale kukankhana pa mzere, ndipo anyamata amene muli ndi njinga mutsale kuti mukawafikitsire agogo amene sangathe kuyenda. Anansi athu amene si Asilamu musawadumphe.

Allah alandire kwa ife ndi kwa inu, awachitire chifundo makolo athu amene adatsogola, awachize odwala athu, ndipo awabweze bwino abale athu amene ali ku Hajj.

Wassalamu Alaikum wa Rahmatullahi wa Barakatuh.