Timuitana Dzina Lanji?

Mawu otitsogolera lero ali m'buku la Oweruza mutu 6 ndi m'buku la Machitidwe a Atumwi mutu 4. Mukapeza mpata madzulo ano, mwana akuwerengereni mitu iwiriyi banja lonse lili pamodzi.

Tiyambe ndi funso. Chidzukire lero, mwana wa pakhomo panu wamva mawu otani onena za iye? M'midzi mwathu muno, kuyambira ku Mtenguleni mpaka ku Mwami ndi ku Chiparamba, mawu onyoza sasowa. Mwana akataya madzi, ndi chitsiru. Akachedwa kudzuka, ndi mlesi. Akalephera masamu, ndi mbuli. Akaswa mbale, ndi wopanda pake ngati atate ake. Koma mwana yemweyo akatsekera mbuzi zonse m'khola dzuwa lisanalowe, pakhomo pamangoti zii. Cholakwa chake chimamveka mpaka kwa anyakwawa, chabwino chake chimathera m'khola momwemo.

Ife amene tinagwira choko zaka zambiri tinaona kumene mawuwa amakathera. Mwana amene wakhala akumva kuti ndi mbuli amasiya kukweza dzanja m'kalasi. Amasankha benchi la kumbuyo. Ukamufunsa amati, "Aphunzitsi, ine mutu wanga sugwira." Mawu amenewo si ake, anachita kupatsidwa. Pofika pa mayeso a Giredi 7 amalowa atagonja kale. Tikudziwa kuti zogwetsa ana ndi zambiri: njala, mtunda wautali, kusowa nsapato ndi makope. Kuyambira mu 2022 boma linachotsa malipiro m'masukulu ake, ndipo ana ambiri anabwerera m'kalasi. Koma palibe boma limene lingachotse dzina loti mbuli mumtima mwa mwana. Limeneli limachotsedwa ndi pakamwa pomwe linatulukira. M'mera mpoyamba.

Taonani mmene Mulungu amaitanira munthu. M'masiku a Gideoni, Amidiyani anasautsa Aisraeli zaka zisanu ndi ziwiri, kumabwera ngati dzombe ndi kuwononga za m'minda. Gideoni anachita mantha mpaka anakapunthira tirigu mobisala, m'malo oponderamo mphesa. Mnansi wodutsa akanamutchula wamantha, ndipo sakananama. Koma mngelo wa Ambuye atafika anamutchula ngwazi. Gideoni mwini anakana, nati banja lawo ndi lonyozeka mu fuko la Manase, ndipo iye ndiye wamng'ono pa onse. Mulungu sanasinthe mawu ake. Anaona kuti munthu amene akupunthabe tirigu pamene ena ataya mtima ali ndi kambewu ka kulimba mtima, ndipo anakatchula kambewuko. Pambuyo pake Gideoni yemweyo anagonjetsa Amidiyani ndi anthu 300 okha.

M'buku la Machitidwe timakumana ndi Yosefe, Mlevi wa ku Kupro. Dzina loti Yosefe ambiri sitilikumbukira, chifukwa atumwi anamupatsa lina, Barnaba, lonena za munthu wolimbikitsa anzake. Munthuyu anakulira m'dzina lakelo. Saulo atatembenuka mtima, Akhristu a ku Yerusalemu ankamuopa, koma Barnaba anamugwira dzanja napita naye kwa atumwi. Yohane Marko atabwerera panjira pa ulendo woyamba, Paulo anakana kumutenganso, koma Barnaba anamutenga. Patapita zaka, Paulo yemweyo analembera Timoteo kuti abwere ndi Marko chifukwa ndi wothandiza pa ntchito. Barnaba akanati amutchule mnyamatayo wothawa ndi kumusiya pomwepo, mpingo ukanataya wantchito.

Mwina wina akuti, mawu abwinowo tikawapeza kuti ife osaphunzira? Abale, tili nawo kale. Pamene William Murray ndi anzake ankamasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, sanabwere ndi chifundo kapena ulemu m'sitima kuchokera kutsidya kwa nyanja. Anakhala pansi ndi eni chinenero, nawapeza mawuwo m'midzi, pabwalo la milandu ndi pamtondo. Makolo athu ankadziwa kulemekeza munthu ndi mawu. Mpaka lero munthu akakupatsa madzi akumwa umati, "Zikomo aPhiri," "Zikomo Nabanda," "Zikomo aJere," ndipo nkhope yake imawala chifukwa wamutchula pamodzi ndi mtundu wake wonse. Nkhokwe ya mawu ndi yodzaza. Tiyeni tiitsegule, titulutsemo asanu ndi limodzi.

Loyamba ndi khama. Wakhama ndi uja amene feteleza akachedwa sakhala pansi, amatuta manyowa m'khola. Ndi mtsikana amene walakwitsa samu katatu koma akufufutabe ndi kuyambiranso. Pano tichenjezane. Kuuza mwana kuti ndi wanzeru n'kwabwino, koma kumuuza kuti wachita khama kumamufikitsa patali. Ku America katswiri wina, Carol Dweck, anafufuza zimenezi pakati pa ana a sukulu, napeza kuti oyamikiridwa chifukwa cha khama ankalimbikira pa ntchito yovuta kuposa oyamikiridwa chifukwa cha nzeru. Chifukwa chake n'chomveka. Nzeru mwana amaziona ngati mphatso imene ena ali nayo, ena alibe. Khama lili m'manja mwake tsiku lililonse.

Lachiwiri ndi kukhulupirika. Mwamutuma mnyamata kukagulitsa nshawa ku msika wa Kapata, wabwera ndi ndalama zonse pamodzi ndi chenji. Musangolandira ndi kumanga pachitenje. Muuzeni kuti, "Mwanawe, ndiwe wokhulupirika. Ndingakutume kulikonse." Tsiku lina adzasunga thumba la mpingo kapena la kopaletivi, ndipo mawu anuwo adzamugwira dzanja pamene palibe womuona.

Lachitatu ndi kudekha. Mwana wodekha nthawi zambiri amatchulidwa wozizira kapena wopusa, chifukwa sathamangira kuyankha. Koma pabwalo la milandu, amene amaziziritsa mitima ya anthu ndi uja anayamba wamvetsera. Mukaona mwana wanu watukwanidwa kuchitsime koma wabwera osabwezera, musati ndi wamantha. Mutchuleni wodekha.

Lachinayi ndi kudziletsa. Paulo polembera Agalatiya, pa mutu 5, anakuika kudziletsa pakati pa zipatso zisanu ndi zinayi za Mzimu. Bambo wagulitsa thonje, wadutsa pamalo a mowa anzake akumuitana, wafika kunyumba ndalama zili zonse. Amayi, musati, "Lero mwadwala kodi?" Nenani kuti, "Atate a ana, mwadziletsa, Mulungu akudalitseni." Munthu amene akulimbana ndi chizolowezi choipa amasowa womuonera pa tsiku limene wapambana.

Lachisanu ndi ulemu. Ambiri timasokoneza ulemu ndi mantha. Mwana amene amathawa atate ake akamalowa pakhomo ali ndi mantha. Waulemu ndi uja amene amalandira katundu wa agogo osawadziwa panjira, palibe womutuma. Mantha amatha mwana akakula msinkhu. Ulemu amakalamba nawo.

Lachisanu ndi chimodzi ndi kudzipereka. Ife a mpingo wa Anglican timakumbukira wansembe Leonard Kamungu, amene anasiya kwawo ku Malawi, nadzayamba mishoni ya Msoro, namwalira komweko mu 1913. Patha zaka zoposa 100, koma tikatchula dzina lake timatchulanso kudzipereka. Odzipereka sanathe. Alipo amayi a Mothers' Union amene amagona pamaliro a munthu amene si m'bale wawo. Alipo agogo amene akulera adzukulu amasiye ndi khasu limodzi. Kodi anamvapo wina akuwatchula odzipereka akadali moyo? Tili ndi chizolowezi chosunga mawu onse okoma mpaka tsiku la kumanda, pamene mwini wake sangamvenso.

Tikudziwa chimene akuluakulu ena akunena mumtima: mwana ukamuyamikira amakula mtima. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Chimene chimakulitsa mwana mtima ndi kusyasyalika, kumuuza kuti ndi woposa anzake onse pamene sanachite kanthu. Ife tikunena za kutchula zoona zimene mwaona ndi maso. "Wagawira mng'ono wako mbatata, ndiwe woolowa manja." Mawu otere amamuonetsa mwana njira yoti abwererenso mawa.

Ndiponso sitikuti tisiye kudzudzula. Nyumba yopanda chidzudzulo imalera minga. Koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti "Wanama" ndi kunena kuti "Ndiwe wabodza." Mawu oyamba aloza chimene wachita, ndipo munthu angathe kulapa. Achiwiri amumata dzina, ndipo amayamba kuyenda nalo. Yesani kunena kuti, "Wanama, ndipo sizikukuyenera, chifukwa ife timakudziwa kuti ndiwe mwana woona mtima." Mwadzudzula, koma chitseko chobwererapo mwachisiya chotsegula. Simoni anapatsidwa dzina la Petro, thanthwe, asanakhale thanthwe. Anamukana Ambuye katatu, koma atauka Yesu anamupatsanso nkhosa zake kuti aziwete. Madzi akatayika saoleka, choncho tiyese mawu athu asanatuluke.

Nkhani iyi si ya ana okha. Alipo akamwini amene alima munda wa apongozi zaka khumi osamvapo liwu loyamika. Alipo atengwa amene dzina lawo pamudzi ndi mlesi uja, chifukwa cha tsiku limodzi limene nsima inachedwa. Inu ankhoswe, banja likabwera ndi mlandu, musayambe ndi kuwerenga zolakwa zokha. Funsani mwamuna atchule chabwino chimodzi mwa mkazi wake, mkazinso chimodzimodzi. Nthawi zina mkwiyo umayamba kuphwa pomwepo.

Pomaliza, mumadziitana dzina lanji inu eni? Ena mwa ife anatchedwa Mabvuto, Masautso kapena Misozi chifukwa cha zimene banja linkadutsamo pamene ankabadwa. M'buku loyamba la Mbiri, mutu 4, muli Yabezi, amene amake anamutcha dzina lokumbutsa zowawa, koma iye anapemphera kwa Mulungu ndipo anakhala wolemekezeka kuposa abale ake. Musadzitchule watsoka. Sitikunena kuti mawu ndi chithumwa. Kufuula kuti "ndine wolemera" sikudzaza nkhokwe, imadzaza ndi khasu, mvula ndi chisomo cha Mulungu. Koma munthu amene amadziuza m'mawa uliwonse kuti ndi wopanda pake sachedwa kutaya khasulo. Pa ubatizo munatchulidwa mwana wa Mulungu. Limenelo ndilo dzina lanu lalikulu.

Monga aphunzitsi, sitingakusiyeni opanda ntchito ya kunyumba. Sabata ino sankhani munthu mmodzi pakhomo panu, makamaka uja amene mumakalipira kawirikawiri. Muyang'anitsitseni mpaka mutapeza chabwino chimodzi choona. Muchitchule ndi dzina lake, khama, kudekha kapena kukhulupirika, iye akumva ndiponso ena akumva. Tsiku loyamba lilime lidzalemera ndipo mwina iye adzadabwa. Mawa lake bwerezani. Pa Afilipi 4 ndime 8 Paulo akutiuza kuti tiziika maganizo athu pa zinthu zabwino ndi zoyamikika, ndipo chimene chadzaza mumtima sichichedwa kufika pakamwa.

Tiyeni tipemphere.

Mulungu Atate wathu, Inu munaona ngwazi mwa Gideoni akubisala, ndi thanthwe mwa Simoni akadali wogwedezeka. Tipatseni maso oona mbewu zabwino zimene munadzala mwa ana athu, mwa akazi ndi amuna athu, mwa apongozi ndi anansi athu. Chiritsani onse amene akuyenda ndi mayina owawa amene anapatsidwa ali ana. Sungani pakamwa pathu pa nthawi ya mkwiyo, ndipo mupatsegule pa nthawi yoyamika, kuti m'nyumba zathu mukulire anthu akhama, okhulupirika ndi aulemu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.